Inki Yobiriwira ya Aphunzitsi

Ine a Cuthbert Lafleur sindinawavoterepo ngakhale kamodzi. Ndiyambire pamenepo, kuti pasadzapezeke wonena kuti ine Insipekitala Odile Serrant ndinakondera nkhaniyi chifukwa cha chipani. Zisankho zinayi ndakhala ndikuima pamzere dzuwa likuswa mtengo, n'kuchonga dzina lina, ndipo zisankho zinayi zonsezo mkuluyo ankabwerera ndithu pampando wa Nduna Yaikulu ngati unali wa bambo ake. Chilumba chonse chimawatchula kuti Aphunzitsi, poti asanalowe ndale ankaphunzitsa masamu ku Morne Sable. Inenso ndinkawatchula choncho, koma pakamwa pokha.

Lachiwiri limenelo, nthawi itangopitirira 10 koloko, ndinali nditangoluma kamodzi buledi wanga wokazinga wa nsomba yamchere pamene Komishonala wa apolisi anasuzumira pakhomo la ofesi yanga.

“Odile, tasiya kaye kutafunako. Aphunzitsi atula pansi udindo.”

“Mulungu amamvadi, bwana.”

“Usaseke, iwe. Eni akewo akuti sanatule.”

Nkhani yake inali yotere. Isanakwane 8 koloko, kunyumba ya Pulezidenti kunafika kalata yonena kuti a Lafleur asiya mpando wa Nduna Yaikulu kuyambira tsikulo. Cha m'ma 9 Pulezidenti anaimba foni kuti amve kuchokera pakamwa pa mwini wake, ndipo mwini wakeyo anayankha kuti, “Kalata yanji, mayi?” Posakhalitsa wachiwiri wawo, a Rawle Delsol, anaimbira Komishonala kuti kalatayo yabedwa m'sefa, bokosi lachitsulo losungiramo zinsinsi, ndipo wina walembapo deti mwachinyengo. Wina wakeyo anali atagwidwa kale. Mayi Ionie Prosper, mlembi wa Aphunzitsi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, anali m'chitokosi pansi pa ofesi yanga, ndipo mlandu wotere chilango chake ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

“Pulezidenti watipatsa mpaka 4 koloko,” anatero Komishonala. “Akufuna mawu amodzi: kalatayo ndi yeniyeni kapena yabodza. Ukati yabodza, Aphunzitsi akhala, mayi uja apita kundende. Ukati yeniyeni...” Anakanda m'mutu. “Usati yeniyeni, Odile. Ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume pantchito.”

Za makalata a m'sefa aliyense kuno amazidziwa, ngakhale amayi ogulitsa nsomba kudoko. Nyumba yathu ya Malamulo ili ndi mipando makumi awiri ndi umodzi, ndipo amene ali ndi aphungu khumi ndi mmodzi pambuyo pake ndiye Nduna Yaikulu. Phungu mmodzi akangodzuka moipa n'kuwolokera tsidya linalo, boma lagwa. Zinachitikapo kawiri ine ndili mtsikana. Ndiye atsogoleri a zipani anapeza mankhwala ake: chisankho chikayandikira, aliyense wofuna kuimira chipani amasayina kalata yotula pansi udindo, malo a deti n'kuwasiya osalemba. Mtsogoleri amasunga makalatawo, ndipo phungu akayamba matukutuku amangomuonetsa kiyi wa sefa. Ndi khalidwe lonyansa, ndipo ndakhala ndikunena. Koma Aphunzitsi ankachita mosiyana ndi anzawo. Pamaso pa onse, iwo ankayamba kusayina yawo, yosiya mpando wa Nduna Yaikulu, n'kuiika pamwamba pa enawo. Ankati sangauze munthu kusayina chimene iwo sanasayine.

* * *

Pulezidenti wathu, Mayi Verna Etienne, ntchito yawo ya masiku onse ndi kudula maliboni ndi kuveka anamwino mamendulo. Amasankhidwa ndi aphungu, salamula msilikali, sakweza mtengo wa shuga. Koma tsiku limene mpando wa Nduna Yaikulu wagwedezeka, chilumba chonse chimayang'ana m'manja mwawo, chifukwa ndi iwo amene amalandira kalata ndi kulumbiritsa wina. Kale anali woweruza milandu, ndipo mpaka lero amayankhula ngati mawu amagulidwa pasikelo.

“Khalani. Werengani. Musaichotse m'pulasitikimo.”

Inali mizere iwiri yotayipa, pansi pake siginecha ya inki yobiriwira, yofwifwa pang'ono chifukwa inali itagona m'sefa zaka zitatu. M'boma lathu inki yobiriwira ndi ya munthu mmodzi yekha. Nduna zimalemba ndi yabuluu, akuluakulu a m'maofesi yakuda, koma yobiriwira ikaoneka pafayilo aliyense amadziwa kuti Nduna Yaikulu yayankhula. Deti nayo inali yobiriwira, koma yatsopano, yowala. Inati 9 Okutobala 1987. Kenako mzere umodzi woongoka unadutsa pa 1987, pamwamba pake n'kulembedwa 2012, ndipo pambali panali tizilembo tiwiri, C.L.

“Mwaona chiyani?” anafunsa.

“Wachinyengo amene walakwitsa chaka, mayi.”

“Ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.” Anavula magalasi. “Ndaweruzapo achinyengo ambiri, Insipekitala. Amalakwitsa dzina. Amalakwitsa chidindo. Koma wolakwitsa n'kusayinira cholakwa chakecho, sindinamuonepo. Ofesi ya a Lafleur ndinaitumizira kope nditangomaliza kuimba foni. Iyi itengeni, mubwere nayo. Ine sindine woweruza tsopano, sindingakuuzeni choganiza. 4 koloko.”

* * *

A Delsol ndinawapeza atakhala padesiki la Mayi Prosper, m'chipinda chodikirira kunja kwa ofesi ya Aphunzitsi. Mpando wa mayiyo unali usanazizire, iwo anali atausintha kale kuti ukwere m'mwamba. Ndi munthu wa suti zabwino ndi mafuta onunkhira amene amatsala m'chipinda mwini wake atatuluka.

“Mlongo wanga, nkhaniyi ndi yapafupi, musataye nayo thukuta,” anatero, akugogoda ndi chala kope la kalata ija. “Makiyi a sefa ndi awiri. Mmodzi ali patcheni cha wotchi ya Aphunzitsi, wina anali m'chikwama cha mayi uja. Inki imakhala padesiki, aliyense wolowa angathe kuviika. Ndipo dzanja la Aphunzitsi mayiyo amalidziwa kuposa lake lomwe. Otsutsa amugula, basi. Zandipweteka, mlongo wanga, zandipweteka pamtima penipeni.”

“Inu munali kuti 7 koloko?”

“Pawailesi! Dziko lonse linandimva ndikufotokoza za msewu wa kumpoto.”

Zinali zoona. Ndinawamva ndikusamba, ndipo anandiwonongera m'mawa wanga.

“Nanga chaka cholakwikacho?”

Anaseka, koma kusekako kunachedwa pang'ono.

“Mantha. Munthu akamaba dzanja limanjenjemera. Ndipo imani ndikupatseni umboni womaliza. Aphunzitsi salembanso deti pamanja. Miyezi isanu ndi itatu tsopano. Iwo amangosayina, deti timadinda ndi chidindo. Ndiye deti yolemba pamanjayi yachokera kuti? Mwaona? Ndakugwirirani ntchito, ulere.”

“Zikomo. Ndiwaone Aphunzitsi.”

“Akupuma. Nkhaniyi yawafoola kwambiri. Funso lililonse ndipatseni ine, ndikubweretserani yankho.”

Ponena izi anali ataima kale pakati pa ine ndi chitseko.

Ndikutsika masitepe ndinkawerenga pa zala zimene mwana aliyense wa sukulu akanawerenga. Aphunzitsi akachoka, aphungu khumi ndi mmodzi aja ayenera kusankha wina, ndipo mwa iwo amene angapirire a Delsol sapitirira atatu. Koma Aphunzitsi akakhalapo, pepala lililonse lopita kwa iwo limadutsa m'manja onunkhira aja. Munthu uyu analibe chifukwa chotumizira kalatayo. Anali ndi chifukwa chachikulu choifunira kuti ikhale yabodza.

* * *

Mayi Prosper anakhala pabenchi la m'chitokosi msana uli chilili, mapazi pamodzi, ngati ali pa Misa. Anali atawalanda chikwama ndi lamba, koma kolona anali m'manja.

“Sefa ndinatsegula ndine,” anatero ndisanakhale n'komwe. “Envulopu ndinamata ndine. Ndinapatsa a Theophile, mesenjala, ndine. Lembani zimenezo.”

“Deti analemba ndani?”

“Lembani zimene ndanenazo, Insipekitala.”

“Mayi, ndi zaka zisanu ndi ziwiri izi. Inuyo muli ndi zingati?”

“Makumi asanu ndi limodzi, kudza chimodzi. Musavutike kundiphatikizira, ndagwira ntchito ndi mphunzitsi wa masamu.”

Ndinawapempha kuti andionetse manja. Anawatambasula mosanyinyirika. Zala zinali zoyera, zikhadabo zodula bwino, popanda kadontho kobiriwira.

“Otsutsa akulonjezani chiyani?”

Anandiyang'ana ngati ndaponda ndowe n'kulowa nazo m'tchalitchi.

“Ine? Amenewo? Mtsogoleri wawoyo ndinkamupukuta mamina pa katekisimu.”

Ndinapsa mtima, ndivomere. Ndimadana ndi anthu odzipereka kukhala nsembe, chifukwa amandisandutsa ine mpeni. Ndinatseka kabuku kanga mwamphamvu, n'kufunsa funso limene linkandiyabwa kuyambira kunyumba ya Pulezidenti.

“Mu 1987 munachitika chiyani?”

Kolona uja anasiya kuyenda m'zala.

“Ndi chaka chimene Aphunzitsi anapambana koyamba mpando wa Morne Sable,” anayankha pang'onopang'ono. “Ndi chaka chimene ndinayamba ntchito. Palibenso china.”

Nditafika pachitseko anandiitana.

“Insipekitala, nthawi ili bwanji?”

“Yatsala pang'ono kukwana 12.”

“Amamwa tiyi wa koko 12 koloko, ndi tibisiketi tiwiri. Pafunika munthu woti awakumbu...” Anameza mawuwo. “Woti awapatse.”

* * *

A Theophile ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya boma, pansi pa mtengo wa mango, akumenya madomino pabokosi ndi madalaivala awiri. Ndi nkhalamba yowonda ya yunifolomu yakhaki yosita mpaka kuthwa, ndipo pakamwa pawo sipatsekedwa.

“Aaa, boma lafika! Ndimangeni, abwana, ndimangeni, ndanyamula bomba m'manja osadziwa! Zaka makumi atatu ndikuyenda ndi makalata, Nduna Zazikulu zitatu ndazitumikira, mvula, mkuntho, agalu, sindinatayepo ngakhale kapepala. Lero ndiye ndagwetsa boma wapansi, njinga yomwe ndinaisiya!”

“Envulopu anakupatsani ndani, nthawi yanji?”

“Mayi Prosper. Belu la ku katedolo linali litalira kale la 7, ndiye tinene kuti mphindi makumi awiri zitadutsa. Maso ali psuu, mayi ameneyo, ine n'kumati ndi chimfine.”

“Aphunzitsi analimo mu ofesi?”

“Analimo, nanga! Chitseko chili chotsegula, iwo ali padesiki, akupukuta chala ndi mpango. Peni yawo ija imadontha, ndawauza kangati kuti agule ina, koma nkhalamba ndi peni yake! Ndiye anandikuwira: ‘Theophile, lero usadutse kumsika, wamva? Molunjika kwa Mayi Etienne, uwapatse m'manja.’”

“Anatchula dzina la Pulezidenti?”

“Ndi dzina lomwe. Ine ndi makutu angawa.”

“Bwanji simunauze apolisi?”

“Munandifunsa? A Delsol anangoti, ‘Mdala, mwatopa, lero ndi tchuthi chanu.’ Zaka makumi atatu, tchuthi choyamba chondipatsa osapempha! Ayi, lero m'mawa anali Aphunzitsi enieni, ndikukuuzani.”

“Enieni? Masiku ena amakhala ndani?”

Domino imene inali m'manja mwawo inatera pabokosi mopanda phokoso. Anayang'ana madalaivala aja, ndipo onse awiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti magalimoto awo ndi osatsuka. Titatsala awiri, a Theophile anayankhula motsitsa mawu, nthabwala zonse zitatha.

“Mkazi wanga Clothilde anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Aphunzitsi ananyamula nawo bokosi. Anayankhula kumanda mpaka wansembe analira. Ndiye chaka chino, m'mawa ndikamalowa, amati, ‘Theophile, a Clothilde adzuka bwanji?’”

“Mumayankha bwanji?”

“Tsiku loyamba ndinawauza zoona. Analira, abwana, ngati amva kumene. Mawa lake anafunsanso. Ndiye ndinasiya kuwauza.” Anapukuta mphuno ndi chala. “Koma lero sanafunse. Lero anati, ‘Pepa, Theophile. Ndikudziwa kuti ndakhala ndikukupweteka.’”

Ndinakhala pamene panali mmodzi wa madalaivala aja. Bambo anga anali msodzi. Zaka zawo zitatu zomaliza ankadzuka n'kumafunafuna bwato limene tinagulitsa ine ndisanalowe upolisi, ndipo ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Koma masiku ena m'mawa mutu unkayera. Ankadziwa dzina langa, ankadziwa chaka, ndipo ankadziwanso chimene chikuwachitikira. Anthu amaganiza kuti m'mawa wotero ndi wosangalatsa. Kwathu ndi umene tinkauopa kwambiri, chifukwa ndi pamene ankalira. Ikamakwana 9 koloko, nkhungu inkabwereranso.

* * *

Kuchipinda chosungira mafayilo sindinachedwe. Ndinapempha zonse zimene Nduna Yaikulu inasayina kuyambira Disembala mpaka Malichi. Za Disembala zinali bwinobwino, siginecha ndi deti zonse zobiriwira. Mu Januwale ndinapeza mafayilo atatu olembedwa 1987, chaka chodulidwa ndi mzere umodzi woongoka, 2012 pamwamba, C.L. pambali, monga mphunzitsi amakonzera cholakwa chake pabolodi ana akuona. Kuyambira sabata yachiwiri ya Febuluwale deti yonse inali ya chidindo.

Kapepala kolamula kuti pagulidwe chidindocho kanali pamwamba pa fayilo yoyamba ya Febuluwale. Kanati ndi pofuna kuchepetsera Nduna Yaikulu ntchito. Kanasayinidwa ndi inki yabuluu, R. Delsol.

Ndinali nalo yankho la Pulezidenti, ndipo silinandisangalatse. Mafayilo atatu ndi mawu a mesenjala, loya wa a Delsol akanawatafuna miyezi isanu ndi umodzi, Mayi Prosper ali kundende akudikira. Munthu mmodzi yekha ndiye akanathetsa nkhaniyi tsiku lomwelo, ndipo kuti atero, ndinayenera kumuchita chinthu chimene sindikanalola munthu aliyense kuwachita bambo anga.

Ndinasayinira Mayi Prosper kuti atuluke ali m'manja mwanga. Inali 3 koloko.

* * *

“Mlongo wanga, mukusewera ndi ntchito yanu,” anatero a Delsol atationa. “Wakubayu mukulowa naye kuti?”

Ndinawaonetsa kapepala ka inki yabuluu.

“Chidindo munalamula ndinu. 1987 munamuona mu Januwale, katatu. Lero m'mawa mutamuonanso pakope lija, munadziwa dzanja lake nthawi yomweyo. Komabe munamangitsa mayi awa. Ndipo ine si mlongo wanu, mayi anga anabereka awiri okha. Tachokani pakhomopo.”

Sanachoke, koma nditayenda molunjika anapatuka, n'kutitsatira m'kati.

Ofesi ya Nduna Yaikulu ndinali ndisanalowemo. Pa kabati iliyonse panali kapepala kakang'ono ka dzanja la Mayi Prosper: Magalasi. Mankhwala. Mayina a Nduna. Padesiki panali kakalendala kotembenuza, kosonyeza tsiku ndi mwezi basi. Tiyi panalibe. Aphunzitsi anaimirira kutilonjera, aatali, tsitsi lili mbuu, n'kumanga batani la jekete monga amachitira pa wailesi ya kanema.

“Mayi Prosper! Mwachedwatu lero. Ndimati mwina mwadwala.”

Mayiyo anangowerama. Aphunzitsi anali ataiwala kuti m'mawa anauzidwa kuti mlembi wawo ndi mbala.

“Aphunzitsi, ndine Insipekitala Serrant. Pali nkhani ya dzanja lanu imene tikufufuza. Mungandilembere deti ya lero papepala ili?”

“Insipekitala!” anatero a Delsol.

“Rawle, mayiwa apempha mwaulemu,” anatero Aphunzitsi. “Ndi chinthu chovuta kodi?”

Anakhala, n'kumasula chivindikiro cha peni. Anayang'ana kakalendala kaja, n'kulemba 9 Okutobala. Kenako, mosakayika konse, analemba 1987, n'kundipatsa pepalalo akumwetulira ngati mwana amene wakhoza. Manyazi anandigwira. Ndagwirapo akuba, ndagwirapo opha anthu, koma sindinadzionepo woipa ngati pa mphindi imeneyo.

Ndinaika kalata ya m'pulasitiki pambali pa pepalalo, n'kubwerera m'mbuyo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chapakati, chodetsedwa ndi inki yobiriwira, chinayenda kuchoka pa pepala lina kupita pa linalo. Kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono.

“Seveni uyu ndi wanga,” anatero. “Ndimamudula pakati. Ana onse a ku Morne Sable amamudula pakati chifukwa cha ine.” Anadzutsa mutu. “Chaka chino ndi chiti?”

Kunja galimoto ya ayisikilimu inkadutsa ikuimba.

“Mayi Prosper, ndafunsa funso.”

“2012, Aphunzitsi.”

Anagwedeza mutu kawiri, katatu. Maso awo anayenda pa timapepala ta pa makabati, ndipo ndinaona munthu akuwerenga mlandu wake womwe.

“Ndinalemba ndine kalatayi.”

“Inde, Aphunzitsi. Munafika isanakwane 7. Munati mutu wayera lero, tichite msanga usanatsekenso. Munandituma kutsegula sefa. Chaka munachikonza nokha, nditakuuzani.”

“Nanga bwanji simunawauze anthuwa?”

“Munandilumbiritsa pa Lachisanu Loyera kuti za matendawa sizidzatuluka pakamwa panga.”

“Ndiye tsiku lonseli munali kuti?”

Ndinayankha ndine.

“M'chitokosi, bwana. Kuyambira 10 koloko. Akanapita kundende zaka zisanu ndi ziwiri.”

Aphunzitsi anaika manja onse awiri padesiki, ngati desikilo likufuna kuwathawa.

“Ionie,” anatero, ndipo mayiyo anadzidzimuka, moti ndinadziwa kuti dzinalo silinamvekepo m'chipindamo. “Ndinakupempha kuti undisungire manyazi anga. Sindinati ukawagonere kundende. Ndikanakhala munthu wanji ine?”

“Aphunzitsi, taganizirani chipani,” analowerera a Delsol, mawu ali ofewa. “Zaka ziwiri zokha zatsala. Ine ndilipo, ndikuthandizani monga ndakhala ndikuchitira, palibe adzadziwe. Mukachoka lero, zonse zimene munamanga...”

“Rawle, iwe unali m'kalasi langa. Unkakhala kumbuyo kwa mwana wa a Joachim, n'kumakopera masamu ake. Zimenezo ndiye sindinaiwale.” Anatembenukira kwa ine. “Imbani foni, Insipekitala. Tsopano lino. Msanga, ndisanaiwale.”

Ndinaimba, n'kuwapatsa foniyo. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 4.

“Mayi Etienne? Ndine Lafleur. Kalata ija ndi yanga, deti ndi yanga, cholakwacho ndi changanso. Ndikudwala matenda oiwala, ndipo Nduna Yaikulu imene siidziwa chaka si Nduna Yaikulu. Ilandireni. Ndikakuimbiraninso mawa kukana, musandimvere.”

Anabweza foni. Anatseka peni ija bwinobwino, n'kuiika m'kabati pamodzi ndi botolo la inki.

“Iyi si yanga,” anatero. “Ndi ya mpandowu.”

* * *

Potuluka tinadzera khomo lakuseri, chifukwa kutsogolo anthu anali atayamba kusonkhana ndi mawailesi awo. Mayi Prosper anawakoleka dzanja Aphunzitsi. Masitepe a kumeneko ndi makumi awiri ndi anayi, ndipo tinatsika pang'onopang'ono. Cha pakati ndinaona mapewa a Aphunzitsi akumasuka, nkhope ikusalala, ndipo ndinadziwa kuti nkhungu yabwerera.

“Tikupita ku Nyumba ya Malamulo, Mayi Prosper?”

“Kunyumba, Aphunzitsi. Lero mwaweruka.”

“Msanga chonchi? Chabwino.”

Pansi, a Theophile anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, chipewa chili m'manja. Aphunzitsi atawaona nkhope inawala.

“Theophile! A Clothilde adzuka bwanji?”

“Adzuka bwino, Aphunzitsi,” inatero nkhalambayo. “Akuti mukapume.”

Galimoto itanyamuka ndinapezeka ndaima chilili ndikuchita sawatcha, ine amene sindinawavoterepo. Palibe anandiona kupatula a Theophile, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sananene kanthu.

Ku ofesi buledi wanga uja anali atauma papepala, wolumidwa kamodzi. Komishonala anali atadzitsekera m'chipinda mwake. Ndinatenga fayilo yatsopano, pamwamba n'kulemba dzina la Rawle Delsol, ngakhale ndinkadziwa kuti mafayilo a anthu otere amayenda ngati nkhono. Pofika pa deti dzanja linaima. Ndinayang'ana kalendala kawiri ndisanalembe chaka.